Chisamani Sichiwoloka Malire

"Ine ndatopa, bambo a Prince! Ndati ndatopa!" Esime anaponya lichero pansi, nandolo n'kumwazika pabwalo ponse. "Munati chaka chino tifolera nyumba. Manachesi munagulitsa, nanga malata ali kuti? Zonse zathera m'minibasi za ku Blantyre, chifukwa cha mwana woti bambo ake alipo, amoyo, akudya mpunga wa nyama paboda!"

Fyness anali pakhonde akuluka tsitsi la mwana wake Tiffany. Mlamu wakeyo sankamuyang'ana, koma mawu onse ankalunjika kwa iye. Anamukoka mwana tsitsi mosafuna.

"Tsitsani mawu, mwana akumva," anatero Langton, mwamuna wa Esime komanso mchimwene wake wa Fyness, akumangirira thumba panjinga.

"Amve! Ana anga akugona m'nyumba yodontha, ndiye ine ndizinong'ona?"

"Alamu," Fyness analankhula motsitsa, "khunyu la mwanayu sindinachite kugula pamsika. Madokotala ndiwo anati tizipita naye ku Blantyre azikamuona. Ndikanakhala ndi pogwira sindikanakuvutitsani."

"Pogwira muli napo." Apa tsopano Esime anamutembenukira. "A Mateyu, bambo ake a mwanayu, sanafe. Tsiku lililonse ali pachipata paja ndi mpukutu wa ndalama m'manja, kusinthira anthu. Akazi atsopano avala zitenje zonyezimira. Inu muli phee kuno ku Thambani, kudikira kuti mchimwene wanu akolole."

Langton anayedzamitsa njinga kukhoma n'kudzakhala pa mtondo wogona.

"Apa pokha mlamu wako wanena zoona, Fyness. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndikudziwa, ndipo ine monga malume ake a mwanayu sindinakanepo. Koma chithereni banja lako, munthu uja wabweretsapo chiyani kuno? Ngakhale kasopo? Pita kukhothi ukatenge chisamani."

"Kukhothi akawafunsa chitupa cha unzika, achimwene. Mukudziwa kuti alibe."

"Nanga limenelo ndi vuto la Tiffany?"

"Akawagwira akawawolotsa malire. Akawoloka ine ndikawafunira kuti? Bola panopa ndikudziwa pomwe amaima."

"Kudziwa pomwe amaima ndiye mankhwala a mwana?" Esime anaseka mowawa akutola nandolo. "Khoswe wanuyu wakhala pamkhate, akudziwa kuti simungamuponye mwala."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, amatero," anatero Langton, "koma mkhate wopanda madzi ine ndikhoza kuuswa. Ndikupatsa mpaka mwezi uno uthe. Ukalephera, ndipita ndekha kwa a imigireshoni ndikawalozere."

"Chonde achimwene, musatero. Ndiloleni ndikalankhule nawo kaye ndekha."

Langton anakwera njinga n'kumapita. Tiffany anakweza mutu n'kufunsa ngati amayi ake amaliza kuluka, Fyness n'kuona kuti waluka mzere umodzi womwewo kawiri.

Lachiwiri m'mawa Fyness anakwera pikapu yopita ku boma, kenaka kabaza mpaka paboda. Malole anali atandandalika m'mbali mwa msewu, madalaivala akugona pansi pake podikira mapepala. Anamuona Mateyu ali patali, atavala jekete yachikopa ngakhale dzuwa linali likuwotcha, akuthamangira basi yomwe inali itangoima. Mtima unamugunda ngati kuti iyeyo ndiye wolakwa.

"Bambo a Tiffany."

Mateyu anatembenuka, nkhope n'kusintha. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anamugwira pamkono n'kumukokera kuseri kwa lole yonyamula mchere.

"Iwe, ungabwere pantchito panga osandiuza? Anthu akuyang'ana."

"Foni yanga simuyankha. Mwana akudwala. Mwezi uno wagwa kangapo, ndipo tsiku lopita ku Blantyre layandikira."

"Pepa. Bizinesi siikuyenda masiku ano."

"Pepani sapoletsa chilonda. Achimwene atopa, alamu atopa. Akuti ndipite kukhothi."

Atamva mawu akuti khothi, Mateyu anayedzamira tayala la lole, n'kuyamba kulankhula monong'ona.

"Fyness, iwe ukudziwa mbiri yanga kuposa aliyense. Ndinalowa m'dziko muno ndili kumbuyo kwa mayi, mfuti zikulira. Mayi anagona kuno, manda awo unawaona. Nthawi ya kalembera ndinaima pamzere ngati wina aliyense, wina n'kukuwa kuti uyu ndi wakutsidya. Ndinapita kutsidyako, anandilankhula Chipwitikizi, ine kukamwa yasa, iwo n'kuti bwerera kwanu ku Malawi. Kuno ndine mlendo, uko ndine mlendo. Mapanga awiri avumbwitsa, ine ndiye wovumbwayo. Ukandiimika pamaso pa woweruza, funso loyamba likhala chitupa. Kenaka andikweza galimoto. Ndiye mwana adya chiyani?"

"Nanga panopa akudya chiyani chochokera kwa inu?"

Mateyu anayang'ana pansi.

"Pondifunsira simunatulutse chitupa," Fyness anapitiriza. "Pobereka mwana sanakufunseni chitupa. Pokwatira a Iness mwapeza njira. Chitupa chimangosowa pa nkhani ya Tiffany yokha?"

"Usamutchule Iness, ali ndi pakati, safunika phokoso."

"Ali ndi pakati?"

"Eya. Ndiye waona kuti ndili ndi katundu wambiri."

Fyness anagwira chitsulo cha lole, chinali chotentha, koma sanachisiye.

"Ine sindikufuna kuti mugwidwe," anatero. "Mulungu akuona, ndakhala ndikukutetezani kwa achimwene mpaka ndikuoneka wopusa. Ndikungofuna muzithandiza mwezi ndi mwezi, kaya pang'ono. Mubwere kumudzi, mukhale pansi ndi achimwene, mugwirizane."

"Ndibwera. Kutha kwa mwezi ndibwera."

"Munatero chaka chatha."

Mateyu anasolola kapepala kamodzi pa mpukutu uja, n'kumufumbatitsa. Kanali kokwanira ulendo wobwerera basi.

"Koma ndikuuze chinthu chimodzi," anatero, mawu ake atauma tsopano. "Ndikangomva kuti pali chisamani, kapena wina akufunsa za ine, malire ndi awa. Njira zam'tchire ndimazidziwa zonse. Sudzandionanso, iwe ndi mwana wakoyo. Uganize bwino."

Basi ina inaima, Mateyu n'kuthamangira komweko akukuwa, "Amigo! Amigo! Sinthani pano!"

Pobwerera, Fyness anakhala kumbuyo kwa pikapu atapanikizika pakati pa matumba a feteleza. Nkhani ya mwana wobwera ali kumbuyo kwa mayi ake ankaidziwa kuti ndi yoona, ndipo kale inkamuliritsa. Koma lero inamveka ngati chikwanje chomwe munthu wakuonetsa atachibisa m'malaya. Atafika kunyumba anauza Langton kuti Mateyu walonjeza kubwera. Za malire sananene.

Mwezi unatha, Mateyu osaoneka. Fyness ankati akamva njinga yamoto ikudutsa amatuluka panja, n'kubwerera atagwira tsaya. Chakudya chinkamukanika. Akakumana ndi Langton pabwalo ankafulumira kupeza chochita kuti asafunsidwe.

Ndiye linafika Loweruka lina. Fyness anali pamjigo akupopa madzi, Tiffany ataima pambali atagwira kachidebe kake. Mwadzidzidzi mwana anauma, maso n'kutembenuka, n'kugwa chafufumimba, chipumi n'kumenya pa simenti. Amayi ena anabalalika akukuwa, ena akukoka ana awo kuti asamukhudze. Fyness anagwada m'matope, n'kumugoneka chammbali monga anamuphunzitsira kuchipatala, magazi akuyenderera m'manja mwake.

"Tiffany! Mayi wanga! Ndili pano, ndili pano!"

Kuchipatala anamusoka pachipumi. Langton anafika ali wefuwefu, anaima pakhomo n'kuyang'ana bandeji ija nthawi yaitali. Sanakalipe, sanafunse za Mateyu. Anangosisita mwana kumutu n'kutuluka. Kukhala chete kumeneko kunamuopsa Fyness kuposa mawu onse a Esime.

Lolemba anapita ku boma, ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana. Anapezako mayi wina wa magalasi, Mayi Anne, amene anamvetsera nkhani yonse osamudula.

"Mayi, mwana ali ndi ufulu wothandizidwa ndi bambo ake, kaya bamboyo ndi wa kuno kaya wa kwina," anatero Mayi Anne. "Mlandu wanu ndi wa chisamaliro, si wa unzika."

"Ndiye sakawagwira?"

Mayi Anne anavula magalasi. "Ndikakuuzani kuti ayi ndithu, ndikhala ndikukunamizani. Khothi ndi pagulu, makutu ndi ambiri. Sindingalonjeze zomwe ena angachite."

"Nanga akathawira kutsidya?"

"Apo ndiye povuta. Chisamani chathu sichiwoloka malire. Ndaona amayi ambiri a m'mbali mwa malire muno akulira chimodzimodzi. Bambo akafuna mkazi, malire kulibe. Akamva za mwana, malire aja atulukira."

"Ndiye ndichite chiyani, amayi?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndikuperekezani kukhothi ngati mwatsimikiza, koma kutsimikizako ndi kwanu."

Chisamani anatenga tsiku lomwelo. A kukhothi anamuuza kuti akachipereke kupolisi ya paboda kuti akachifikitse kwa mwini wake. Fyness anafika pa siteji ya kabaza, anaima, kenaka anakwera pikapu ya ku Thambani. Mawa lake anati apita mkuja. Mkuja anati adikire kaye chilonda cha mwana chiume. Pepala lija linakhala m'chikwama, ndipo nthawi iliyonse akaligwira ankamva mawu aja akuti sudzandionanso.

Lachisanu masana, banja lonse lili pabwalo likusenda chinangwa, kabaza anaima pamsewu. Anatsika mayi wamng'ono wa mimba yaikulu, atanyamula chikwama cha mizeremizere ndi ndowa yodzaza mbale. Anayenda molemedwa mpaka pakhonde, anatula katundu, n'kukhala pansi osadikira kupatsidwa mpando.

"Pano ndi pa a Langton?"

"Ndi pano," anatero Esime. "Tikuthandizeni?"

"Ine ndine Iness, mkazi wa a Mateyu. Ndabwera kuti mundisunge."

Mpeni unagwa m'manja mwa Fyness.

"Lachitatu kunabwera anthu awiri paboda kudzafunsa za amuna anga," Iness anapitiriza, maso ali gwa pa Fyness. "Anzawo anawatsina khutu. Anafika kunyumba, anatenga zovala ndi ndalama zonse, n'kudutsa njira yam'tchire. Foni yazimitsidwa. Eni nyumba atamva kuti athawa anditulutsa. Kwathu ndi ku Nsanje, makolo ndilibe. Amayi a Tiffany, munafuna kuti tifanane, tafanana. Mwakondwa?"

"Ine sindinapereke chisamani!" Fyness anathamangira m'nyumba, n'kutuluka ndi pepala lija m'manja. "Onani, ichi! Sichinachoke m'chikwama. Sindinauze munthu aliyense paboda!"

Atangonena zimenezo anatembenuka pang'onopang'ono. Langton anali atawerama, akusenda chinangwa chomwe chinali chosenda kale.

"Achimwene?"

"Ndinkafuna kungomuopseza," anatero Langton osakweza mutu. "Nditaona magazi a mwana uja mutu unandizungulira. Ndinati akaona yunifolomu athamangira kuno kudzapepesa."

"Ndinakupemphani! Ndinakugwadirani!"

"Nanga iwe unandiuza kuti anakuopseza zothawa? Unati walonjeza kubwera!"

"Ndikanakuuzani mukanamva?"

"Basi, mkhate mwauswa," anatero Esime, koma mawu ake analibe mphamvu ngati kale. Anayang'ana mimba ya Iness, anayang'ana mapazi ake otupa odzaza fumbi, n'kupukusa mutu. "Mwezi wachingati umenewu?"

"Wachisanu ndi chitatu."

"Ambuye! Bambo a Prince, munkachotsa katundu mmodzi, mwabweretsa awiri." Anaimirira, n'kukatenga madzi m'chikho n'kumupatsa mlendoyo. Iness anamwa, ndipo atatsitsa chikho ukali wonse unamuthera, n'kuyamba kulira ngati mwana.

"Anandiuza kuti inu ndinu oipa mtima," anatero akusisima, "kuti mukufuna kuwagwiritsa chifukwa cha nsanje. Za kudwala kwa mwana sanandiuzepo. Ngakhale ine ndikapempha ya sikelo amati ndisawapanikize, akhoza kuwoloka."

Fyness anakhala pansi pafupi naye. Mkazi amene ankamuda osamudziwa uja anali kamtsikana chabe, kamilomo youma. Tiffany anabwera kudzaima pakati pawo, bandeji ili pachipumi, akuyang'ana mlendoyo modabwa.

"Mukudziwa komwe ali?" Fyness anafunsa.

"Mnzawo wina akuti anawaona ku Zobue, pomwe pamaima malole opita ku Tete."

"Ndiye si kutali. Mawa tipite tonse. Kumeneko kulibe khothi la kuno, kulibe yunifolomu yoti aziope. Akaone mimbayi, akaone chipumi cha mwanayu. Ndikawauza kuti chisamani ndaching'amba, angotiuza mmene azitithandizira ali komweko."

"Ndipita nanu," anatero Langton.

"Inu khalani, achimwene. Mwathandiza pokwanira."

Mawa lake anatenga ziphaso zodutsira pamalire, n'kukwera kabaza kudutsa mtunda wa pakati pa chipata cha kuno ndi cha kutsidya. Njira yonse Fyness ankakonza mawu mumtima. Sakalipa. Satchula zakale. Ayamba ndi kupepesa za Langton. Ankadziuza kuti munthu uja ndi mantha chabe amene anamuwononga, kuti mantha akachoka atsala bambo amene ankamunyamula Tiffany paphewa popita kumsika.

Ku Zobue kunali phokoso la mawailesi ndi fungo la nkhuku zowotcha. Anafunsa kwa amayi ogulitsa buledi, anafunsa kwa osintha ndalama, ena ankayankha m'Chichewa, ena m'Chinyungwe. Iness ankayenda pang'ono n'kupuma, atagwira m'chiuno. Dzuwa litafika pamutu, Tiffany ndiye anakoka chitenje cha amayi ake.

"Amayi, adadi awo!"

Analidi iye. Anali atakhala pa benchi kutsogolo kwa kagolosale, jekete yachikopa ili paphewa, botolo lili m'manja, akuseka ndi dalaivala wina. Sankaoneka ngati munthu wosakidwa.

"Adadi!" Tiffany anakuwa, n'kuyamba kuthamanga.

Mateyu anakweza mutu. Anaona mwana wa bandeji akubwera atatambasula manja. Kumbuyo kwake anaona akazi awiri ataima limodzi, wina atagwira mnzake pamkono. Kuseka kunathera pakamwa. Anaika botolo pansi, anaimirira, ndipo kwa kanthawi Fyness anakhulupirira kuti awerama kuti amunyamule mwanayo.

Koma anabwerera m'mbuyo. Anazungulira benchi, analowa pakati pa malole awiri, n'kuyamba kuthamanga.

"Bambo a Tiffany! Tabwera tokha! Palibe wapolisi! Imani tilankhule!"

Fyness anathamanga mpaka kumapeto kwa mzere wa malole. Lole ina ya makala inali ikunyamuka kulowera njira ya ku Tete, ndipo anangoona jekete ija ikukwera kumbuyo, munthu n'kudzigwetsa pamatumba osacheuka. Fumbi linamuphimba kumaso. Anaima pomwepo mpaka lole inakhota.

Atabwerera anapeza Iness atakhala pa benchi ija, atagwira mimba ndi manja onse, misozi ikutsika mwakachetechete. Dalaivala uja anali atasuntha, akunamizira kuyang'ana matayala. Tiffany anali ataima pomwe anasiyidwa, manja atatsitsa.

"Amayi, adadi akuthawa apolisi?"

Fyness anayang'ana msika wonse. Amayi a buledi ankaitana ogula, anyamata a kabaza ankakangana za wokwera, msilikali mmodzi ankagula ndudu osalabadira aliyense. Zaka zonsezi anakhala akunyamula mantha a munthu uja ngati ake, akumeza mawu, akunamiza mchimwene wake, kuti asagwidwe.

"Ayi, mwanangu," anatero. "Kuno kulibe amene akuwafuna, koma ife tokha."

Anawerama n'kumubereka mwanayo ngakhale anali wamkulu, anamanga chitenje zolimba pachifuwa, kenaka anatambasulira Iness dzanja.

"Dzukani, achemwali. Tiwoloke chipata chisanatsekedwe. Mimba imeneyi isatipeze m'dziko la eni."